Kuphunzira Informática: ku Tete, ku Beira, ku Maputo kapena kuwoloka malire?

Mwana wa mlongo wanga atamaliza kalasi 12 ku Ulónguè, kuno ku Mozambique, anandipeza ndikusenda mbatata pakhonde, n'kukhala pansi chapatali pang'ono monga amachitira akafuna kupempha kanthu. "Amalume, ine ndikufuna Informática ku yunivesite." Mayi ake ali kukhitchini anamva, ndipo anayankha asanafunsidwe: "Achimwene, zimenezo si zija amaphunzitsa pa kanyumba ka pafupi ndi msika kwa miyezi itatu? Bwanji zaka zinayi?"

Funso la mlongo wangali lili ndi nzeru. Mawu akuti Informática kwathu kuno amaphimba zinthu zitatu zosiyana kwambiri, ndipo mabanja ambiri agulitsa ng'ombe kulipirira chinthu chimene mwana sanali kufuna. Choyamba ndi kosi ya miyezi yochepa ya Word ndi Excel, yothandiza pofunsira ntchito ya mu secretaria koma yosakupanga katswiri. Chachiwiri ndi maphunziro a técnico médio, kumene umaphunzira kukonza makompyuta, kukoka mawaya a netiweki ndi kuika mapulogalamu. Chachitatu ndi licenciatura, imene imatenga zaka zinayi, ndipo ina ya uinjiniya imapitirirako pang'ono. Pano ndikamba za chachitatuchi, ndipo m'kati mwakenso muli mayina osokoneza. Informática ndi Engenharia Informática zimalowa mozama m'masamu ndi m'kulemba mapulogalamu. Tecnologias de Informação imatsamira ku ma netiweki, ma seva ndi kusamalira makina a kampani. Gestão de Sistemas de Informação ili ndi mwendo umodzi m'makompyuta, wina m'kayendetsedwe ka bizinesi. Dzina la pa chikwangwani lisakunyengeni. Pemphani plano curricular, ndiye kuti ndondomeko ya kosi, muwerenge ma cadeira, kapena kuti maphunziro, a chaka chilichonse.

Ndinamufotokozera mwanayo kusiyanaku ndi kaundula wa alimi a fodya. Tinene kuti kampani ili ndi mayina 100,000 osanjidwa motsatira zilembo, ndipo ukufuna dzina limodzi. Munthu wongodziwa kugwiritsa ntchito kompyuta alemba dzinalo pa kabokosi kofufuzira n'kudikira. Wophunzira sayansi ya kompyuta amafunsidwa kuti makinawo akulipeza bwanji. Ukayamba pa dzina loyamba n'kumatsika, ukhoza kuyang'ana mayina onse 100,000. Koma ukatsegula pakati, n'kuona ngati dzina lako lili kumtunda kapena kumunsi, n'kutaya theka, n'kubwerezanso chomwecho, supitirira maulendo 17. Mayina akafika 1,000,000, maulendo amangokwera kufika 20. Anakhala chete, akuwerengera pa zala, kenaka anaseka yekha. Ndinadziwa pomwepo kuti kosiyi imuyenera, chifukwa zaka zinayi zonse ndi zoterezi: ma algorithm (masitepe othetsera vuto, ngati kugawa pakati kuja), kasanjidwe ka deta, Matemática Discreta, Álgebra Linear, Análise Matemática, ma database, mmene operating system imagawira ntchito. Amene amathawa masamu poganiza kuti ku makompyuta kulibe, amawapeza akumudikira pakhomo semesita yoyamba.

Kuyamba ndi kwathu: mzinda wa Tete

Kwa mwana wa ku Angónia, Tsangano, Macanga kapena Chifunde, njira yoyandikira ndi Instituto Superior Politécnico de Tete, ISPT, sukulu ya boma imene inakhazikitsidwa mu 2005. Anthu amaidziwa kwambiri ndi maphunziro a migodi, popeza ili pafupi ndi malasha a ku Moatize, koma ilinso ndi Engenharia Informática. Ili ku Matundo, kotero wochokera kumtunda kwathu amafikako asanawoloke n'komwe mlatho wa Samora Machel. Mumzinda momwemo muli nthambi ya Universidade Católica de Moçambique, imene ndi yolipira mwezi ndi mwezi, komanso ya Universidade Púnguè, imene inabadwa mu 2019 pamene Universidade Pedagógica inagawidwa; mizu ya Púnguè ndi yophunzitsa aphunzitsi, ndiye amene amalota zoima kutsogolo kwa kalasi aziyang'ana edital yake, chilengezo cha makosi ndi malo, chaka chilichonse. Nthambi ya yunivesite ya UniZambeze imene ili pa Ulónguè ndi ya zaulimi, choncho musavutike kukafunsako za makompyuta.

Ubwino wa Tete suoneka pa pepala la sukulu. Uli m'thumba la ufa. Chapa yonyamuka ku Ulónguè m'mawa imafika tsiku lomwelo, ndipo mayi akhoza kutumiza ufa, nyemba ndi mbatata ya kachewere kudzera mwa kondakitala wodziwika. Pafupifupi banja lililonse la kumtunda lili ndi wachibale ku Matundo, Chingodzi kapena Moatize. Maliro akagwa, mwana amapita n'kubwerera osaphonya mayeso. Ndaona ophunzira anzeru akusiya sukulu kutali chifukwa cha njala ndi lendi, pamene anzawo apakatikati amene anatsala pafupi ndi kwawo anamaliza bwinobwino. Ndikayerekeza njira zonsezi, funso limene ndimaliika patsogolo ndi ili: kodi banja lino lingamusunge mwanayu kumeneko zaka zinayi zathunthu, ngakhale chaka chimene mtengo wa mbatata wagwa?

Koma Tete ali ndi zake. Kutentha kwa mwezi wa Okutobala ndi Novembala, kumene kumadutsa madigiri 40, kumamuzunza munthu wokulira m'mphepo ya ku Domwe, ndipo kumazunzanso laputopu. Ndikukumbukira yanga ikuzima yokha pakati pa ntchito m'chipinda cha malata, ine n'kuiika pa njerwa ziwiri kuti mphepo izidutsa pansi. Lendi mumzindawu inakwera nthawi imene makampani a malasha anafika. Chachikulu kuposa zonsezi n'chakuti makampani olemba mapulogalamu ndi ochepa. Estágio, nthawi yophunzirira ntchito pa kampani, imapezeka ndithu: ku mgodi wa Moatize umene Vale inagulitsa kwa Vulcan mu 2022, ku HCB, kampani ya magetsi a Cahora Bassa, ku Songo, kumabanki, kuchipatala chachikulu, m'maofesi a boma ndi m'mabungwe othandiza anthu. Koma ntchito yambiri kumeneko ndi yosamalira ma netiweki, ma seva ndi ma database amene anapangidwa kwina. Ndi ntchito yabwino, yodyetsa banja. Wofuna kulemba mapulogalamu akuluakulu kuyambira pansi ayenera kudzikoka yekha usiku, chifukwa anthu omulimbikitsa pafupi ndi owerengeka.

Za ku Songo ndingotchula mwachidule. Politécnico ya kumeneko, pafupi ndi damu la Cahora Bassa, ndi ya magetsi ndi madzi. Mwana amene amakonda kumasula wailesi kuposa kukhala pa kiyibodi aganizireko.

Beira, njira yapakati

Beira ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 600 kuchokera ku Tete, ulendo wa tsiku limodzi pa basi kudzera ku Changara, Catandica ndi Inchope. Kumeneko kuli likulu la UniZambeze, limene lili ndi Engenharia Informática, komanso likulu la Católica. Mzindawu ndi waukulu kuposa Tete, uli ndi doko, makampani onyamula katundu ndi mabanki ambiri, ndipo onsewa amafuna anthu a makompyuta. Chisena chimene amalankhula m'misika sichimuvuta munthu wodziwa Chichewa ndi Chinyungwe pang'ono. Pakatha miyezi iwiri umakhala ukunenerera mitengo bwinobwino. Thumba la ufa limafikabe, ngakhale si sabata iliyonse.

Amene anali kumeneko mu Malichi 2019, pamene namondwe Idai anagwetsa madenga ndi mapolo a magetsi, amadziwa kuti mzindawu uli ndi ngozi yake. Ine sindingaletse mwana kupita ku Beira pa chifukwa chimenecho, koma ndingamuuze kuti asachite lendi m'malo otsika amene madzi amadzadza nyengo ya mvula, ndipo ntchito zake zonse azisunganso pa intaneti. Kwa banja limene lili ndi wachibale ku Munhava kapena ku Manga, Beira ikhoza kuposa Tete. Kwa amene alibe aliyense, mtengo wake umayandikira wa Maputo pamene phindu lake silifika pa la Maputo.

Maputo

Tisanamizane: sukulu yamphamvu kwambiri pa maphunzirowa m'dziko muno ndi Universidade Eduardo Mondlane, UEM, imene inayamba mu 1962. Ili ndi njira ziwiri, Informática ku Departamento de Matemática e Informática, ndi Engenharia Informática ku fakalite ya uinjiniya. Intaneti yeniyeniyo inalowa m'Mozambique kudzera pa malo a makompyuta a yunivesiteyi, CIUEM, chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo dzina la .mz limene timaliona kumapeto kwa ma webusaiti a dziko lino linakulira m'manja mwawo. Aphunzitsi a madigiri apamwamba ndi ambiri kumeneko kuposa kwina kulikonse. Malikulu a Vodacom, Movitel ndi Tmcel ali komweko, pamodzi ndi mabanki akuluakulu, ndi CEDSIF imene imayendetsa e-SISTAFE yolipirira antchito a boma. Magulu a olemba mapulogalamu ngati MozDevz amakumana komweko, ndipo ntchito zambiri zoyamba zimapezeka pa misonkhano yotereyi, munthu atakuona ukugwira kiyibodi.

Khomo lake ndi lopapatiza. Umalowa ndi exame de admissão, kawirikawiri masamu ndi Física, ndipo ukupikisana ndi ana a m'sukulu za mu Maputo amene akhala akulipira explicador chaka chonse. Mwana wa kumudzi amene Física anaiphunzira pa bolodi yokha amayamba ali kumbuyo. Si zosatheka. Mapepala a mayeso a zaka zam'mbuyo amapezeka, ndipo amene wawagwira miyezi inayi tsiku ndi tsiku, osati kungowerenga mayankho, amafika pafupi.

Ukakhoza, vuto lachiwiri limayamba. Kuchokera ku Tete kukafika ku Maputo ndi makilomita opitirira 1,500, masiku awiri pa basi, kugona panjira. Malo ogona a yunivesite ndi ochepa poyerekeza ndi ofuna. Ma bolsa alipo a mitundu ingapo, ena okupatsa pogona ndi chakudya, ena ongokuchotsera propina, ndalama zolipirira sukulu, ndipo palinso a Instituto de Bolsas de Estudo. Onsewa amafuna mapepala otsimikiza kuti banja ndi losauka, ndipo mapepalawo amayenera kukonzedwa nthawi isanathe, osati mwana atakwera kale basi. Popanda bolsa kapena wachibale, wophunzira amakakhala ku Matola kapena kumalire a mzinda, n'kumataya maola atatu patsiku m'ma chapa. Propina ya laboral, maphunziro a masana, pa yunivesite ya boma ndi yotsika. Chimene chimapha ndi lendi, chakudya ndi mayendedwe. Palinso kusungulumwa kumene sitikonda kukutchula: mumsewu anthu akulankhula Chichangana, m'kalasi Chipwitikizi chothamanga, ndipo mwana amene kwawo anali woyamba m'kalasi amayamba kuopa kukweza dzanja chifukwa anzake amaseka katchulidwe kake.

ISUTC ndi ISCTEM ndi sukulu zolipira za mu Maputo zodziwika pa uinjiniya wa makompyuta. Banja la mlimi wamba silingakwanitse, ndiye sindichedwapo. Kumpoto kulinso Engenharia Informática ya UniLúrio ku Pemba, koma kwa ife ndi kutali ngati Maputo yemweyo.

Chiweruzo changa pa Maputo n'chakuti ukakhoza mayeso ndipo bolsa yatuluka, pita, usayang'ane m'mbuyo. Ukakhoza koma bolsa palibe ndipo wachibale palibe, khalani pansi ndi makolo, muwerengere ndalama za mwezi umodzi, muchulukitse ndi miyezi 48, muone ngati munda ungabereke zimenezo.

Kuwoloka malire

Iyi ndi njira imene imakopa anthu a kwathu kuposa ena onse m'Mozambique, ndipo ndichedwapo. Kuchokera ku Ulónguè, Dedza ndi pakhomo kudzera pa Calómuè, ndipo Lilongwe ili pafupi kuposa mzinda wa Tete. Kuchokera ku Tete, Blantyre ndi makilomita 200 ndi kanthu kudzera pa Zóbuè ndi Mwanza. Ku Malawi kuli University of Malawi ku Zomba yokhala ndi Computer Science, MUBAS ku Blantyre imene kale inali Polytechnic, MUST ku Thyolo imene inatsegulidwa mu 2014, ndi Mzuzu University kumpoto. Chilankhulo cha mumsewu ndi chathu, nsima ndi yomweyi, achibale ali mbali zonse ziwiri. Makolo amati, "Kuli bwanji angopita kwa azakhali ake ku Ndirande?"

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. M'kalasi ku Malawi simulankhulidwa Chichewa. Maphunziro onse, mayeso onse, lipoti lililonse ndi m'Chingerezi. Mwana amene waphunzira zaka 12 m'Chipwitikizi, n'kumaona Chingerezi maola ochepa pa sabata, adzamva bwino wogulitsa mandasi pa geti koma osamva mphunzitsi wa masamu. Ngakhale mayina a zinthu zimene akuzidziwa kale amasintha, ndipo pamene ife timalemba chizindikiro cha koma (,) pogawa nambala iwo amalemba kadontho. Kuwonjezera apo, satifiketi ya kalasi 12 iyenera kuyesedwa kuti ifanane ndi MSCE, satifiketi yomalizira sekondale ku Malawi, wophunzira wakunja amafunika pasipoti ndi chilolezo chokhalira m'dzikomo ngati wophunzira, ndipo ndalama zimene amalipira mlendo muzifunse padera, musatengere zimene msuweni wanu wa ku Ntcheu amalipira. Ndalama ya kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mitengo kumeneko imasintha msanga, kotero bajeti ya chaka choyamba siikhala ya chaka chachitatu. Ukamaliza n'kufuna ntchito ya boma kuno, digiriyo iyenera kudutsa pa equivalência, kuti ivomerezedwe ngati yofanana ndi ya kuno, ndipo zimenezo zimadya nthawi.

Pali gulu limodzi limene njira iyi imaliyenera kwambiri: ana a m'malire amene sukulu yawo yonse anaphunzira tsidya linalo, ku Dedza, Lizulu kapena Tsangano wa ku Malawi, n'kulemba MSCE. Kwa iwowa Maputo ndiye dziko lachilendo. Ndipo amatuluka ndi chuma chenicheni, chifukwa Chingerezi ndiye chilankhulo cha ntchito imeneyi. Mawu a m'kati mwa zilankhulo zolembera mapulogalamu monga Python, Java ndi C ndi Achingerezi, mauthenga a zolakwika amabwera m'Chingerezi, ndipo mabuku abwino amayamba kutuluka m'Chingerezi. Munthu wa m'malire wodziwa Chingerezi, Chipwitikizi ndi Chichewa amafunidwa ndi makampani a migodi, a mayendedwe a njanji ya ku Nacala ndi mabungwe ogwira ntchito mbali zonse ziwiri. Choncho ngakhale wotsala kuno asanyoze mwayi umene tili nawo wa wailesi, matchalitchi ndi achibale a ku Malawi. Chingerezi chake achikulitse dala.

Kuphunzira uli pakhomo

Yunivesite ya UnISCED, imene likulu lake lili ku Beira, imaphunzitsa kudzera pa intaneti, ndipo Católica nayo ili ndi maphunziro akutali. Kwa mphunzitsi wa ku Furancungo kapena wogwira ntchito pa chipatala cha ku Chifunde, amene ali ndi malipiro ndi ana ndipo sangasiye ntchito, iyi ndi njira yokhayo, ndipo ndi yolemekezeka. Mnzanga wina anamaliza chomwechi. Usiku ana akagona ankakhala pa mpando kunja kwa nyumba, pakona imodzi yokha pamene netiweki imagwira, foni ataikoleka pa msomali kuti igawire laputopu intaneti, akuwerengera ma megas ngati mchere wa m'chaka cha njala. Tsiku lotumiza ntchito magetsi akazima ankapalasa njinga kupita pa sitolo ya munthu wa sola.

Kwa mwana wa zaka 18 wongotuluka kumene ku sekondale, sindiilimbikitsa. Kulemba mapulogalamu kumaphunziridwa pokakamira pa cholakwika chimodzi maola atatu, kenaka mnzako wa pambali n'kukulozera kuti waiwala kachizindikiro kamodzi pa mzere wa 40. Ukakhala wekha kumudzi, palibe wokulozera, ndipo pakhomo palibe amene amakhulupirira kuti munthu wokhala pa kompyuta masana ali pa ntchito; amakutuma kudimba, kuchigayo, kumaliro a mudzi woyandikana. Mtsikana ndiye zimamuchulukira kawiri. Onaninso kuti makosi ambiri akutali amatsamira ku kayendetsedwe ka ma sistema, osati ku masamu ndi ma algorithm ozama.

Nanga osapita ku yunivesite n'komwe?

Achinyamata amandifunsa zimenezi chifukwa amva kuti kunja anthu amalembedwa ntchito popanda digiri. N'zoona kuti zophunzira zaulere zilipo zambiri. CS50 ya ku Harvard, imene amaphunzitsa David Malan, ili pa intaneti kwaulere ndipo imaposa chaka choyamba cha sukulu zambiri zolipira. freeCodeCamp imaphunzitsa kupanga ma webusaiti. Satifiketi ya CCNA ya Cisco imalemekezedwa ndi olemba ntchito za ma netiweki. Koma kuno kwathu concurso, mpikisano wolowera ntchito ya boma, imafuna pepala, mabanki ndi makampani akuluakulu amayamba kusefa ndi pepala, ndipo malipiro a m'boma amatsatira mlingo wa maphunziro. Ine ndimati zinthu izi ziyende limodzi. Wophunzira wa ku Tete amene akuchita CS50 patchuthi, amene amaika ntchito zake pa GitHub, webusaiti yosungirapo ndi kuonetserapo mapulogalamu, amene wapangira bungwe la alimi a kwawo kapulogalamu kolembera ngongole za feteleza, adzaposa wa ku Maputo amene ankangoloweza ma slide kuti apeze 10 wake wongokhozera mayeso. Amene akuganiza zogwira ntchito m'zaumoyo aphunzire DHIS2, pulogalamu yopangidwa ku University of Oslo imene zipatala za dziko lino zimatumizira malipoti awo. Odziwa kuisamalira m'maboma a kumidzi ndi ochepa.

Musanalipire

Sukulu imene ine ndinayambira, imene sinditchula dzina, inali ndi chithunzi chokongola cha chipinda cha makompyuta pa kapepala kake. Titafika tinapeza makina ambiri ali ovundikira nsalu, oyaka ndi owerengeka, ndipo tinkakhala anayi pa kompyuta imodzi, mmodzi akulemba atatu akuonerera. Mayeso a Programação tinkalemba pa pepala ndi cholembera. Ndinataya chaka ndi ndalama za fodya wa bambo anga ndisanasamuke. Safunsa anadya phula. Choncho pitani nokha pa tsiku la sukulu, mupemphe kuona labu ikugwira ntchito. Pezani wophunzira wa chaka chachitatu panja pa geti, osati amene ofesi yakusankhirani, mumufunse kuti aphunzitsi amabwera kangati, ndani amaphunzitsa Estruturas de Dados, ndiponso kuti amene anamaliza chaka chatha analandira satifiketi patapita nthawi yaitali bwanji. Funsani ngati kosiyo inavomerezedwa ndi CNAQ, bungwe loyesa ubwino wa maphunziro apamwamba. M'sukulu za boma siyanitsani laboral ndi pós-laboral: yausikuyo ndi yokwera mtengo kwambiri, inapangidwira ogwira ntchito, ndipo ena amailembetsa mosadziwa poona kuti malo ake ndi osavuta kupeza. M'sukulu zolipira werengerani ndi zobisika zomwe, monga matrícula, chindapusa chochedwa kulipira, mayeso obwereza a recorrência ndi ndalama za monografia, kafukufuku wolemba pamapeto.

Laputopu ndi khasu la maphunziro awa, ndipo njira iliyonse mwa zimene ndatchulazi imaifuna. Sikofunika yatsopano. Yogwiritsidwapo ntchito yokhala ndi RAM ya 8 GB ndi SSD imakwanira zaka zinayi, makamaka mukaikamo Linux, imene ndi yaulere ndipo ma seva ambiri padziko amayendera yomweyo. Pogula, ichotseni pa magetsi pamaso pa wogulitsa, mukhale naye pamenepo theka la ola mukuona batire ikutsika bwanji. Ine ndinachita manyazi kutero, ndipo ndinagula makina amene batire yake inkatha ndisanamalize kumwa tiyi. Foni imathandiza kuonera maphunziro, koma palibe amene anamaliza Engenharia Informática pa foni yokha.

Kwa makolo a atsikana ndiwonjezere chimodzi. M'makalasi awa atsikana amakhala ochepa, nthawi zina awiri kapena atatu, ndipo pa ntchito za pagulu anyamata amakonda kuwapatsa mbali yolemba lipoti, iwo n'kutenga kiyibodi. Mwana wa mlongo wanga ndinamuuza kuti lipoti azilemba pokhapokha atalembanso gawo lake la pulogalamu. Za pogona, ndi bwino kulipira zochulukirapo pang'ono pa nyumba ya mayi wodziwika kusiyana ndi kumusiya kwa wachibale amene adzamusandutsa wantchito wolera ana.

Kwathu tinamaliza motere. Mlongo wanga anati Malawi ayi, popeza mwanayo Chingerezi chake n'cha moni basi. Beira tilibeko munthu. Tinagwirizana kuti alembe mayeso awiri, a UEM ndi a ISPT, ndipo mapepala a bolsa tiyambe kuwatsata kwa mfumu ndi ku boma mwezi uno. Bolsa ikatuluka, akwera basi ya ku Maputo. Ikapanda kutuluka, akakhala kwa msuweni wathu ku Matundo, ndipo ndalama zimene zikanathera pa lendi ya ku Maputo zigula laputopu yabwinoko ndi ma megas. Bambo ake apatula mizere ingapo ya mbatata ya m'dimba kuti ikhale ya zimenezo.

Pakali pano ndamusiyira laputopu yanga yakale, ija ya pa njerwa ziwiri, nditaikamo Python, pamodzi ndi mulu wa mapepala a masamu a zaka zam'mbuyo. Ndinamupatsanso ntchito yolemba pulogalamu yopeza dzina m'kaundula pogawa pakati. Dzulo usiku ananditumizira chithunzi cha sikirini pa WhatsApp: pulogalamuyo imapeza mayina onse kupatula lomaliza, ndipo ikafika pamenepo imazungulira osaima. "Amalume, ndalakwitsa pati?" Ndaona pamene walakwitsa, ndi pa mzere wa 9, koma ndamuuza kuti atenge mayina atatu okha, ayende nawo pa pepala sitepe ndi sitepe, andiyimbire Loweruka.